Mchenga m'Paipi ya Zefaniya

Panali munthu wina, dzina lake Zefaniya, amene anatha zaka zambiri akuyendetsa magalimoto a katundu m'misewu yakutali. Msana utayamba kumuvuta, anasiya ntchito n'kubwerera kwawo, kumalo amene mayi ake anasiya m'tsinde mwa phiri. Kumeneko anapeza mlongo wake wamkulu, Enelesi, mayi wamasiye wa mawondo otupa, akukhala m'nyumba yakale ya makolo. Iye anamanga yake ya njerwa zootcha chakumunsi pang'ono, poti wina akaitana mnzake amamva.

Madzi kuderalo anali ovuta. Akazi ankatsikira kumtsinje, ndipo chilimwe chikakhwima ankafukula mchenga ndi mbale n'kukhala pansi kudikira kuti madzi adikhe. Zefaniya anaitana anthu oboola zitsime ndi makina. Anaboola kumtunda kwa nyumba ziwirizo kwa masiku atatu. Tsiku lachinayi nthaka inachita ngati yatsokomola, ndipo madzi anatumphuka okha mpaka kupitirira mutu wa munthu, popanda pampu, popanda wopukusa mjigo. Anthu anathamangirako, ena akululuza, ena atangogwira pakamwa.

Mkulu wa oboolawo asanachoke anamuuza kuti, “Bambo, chitsime chotere n'chosowa. Madziwa apanikizika pansi pa thanthwe, ndiye akudzikankha okha. Muike paipi yaikulu, itsetsereke molunjika mpaka kunyumba. Ndiponso amabwera ndi timchenga, choncho musawatsekere njira.”

Zefaniya anavomera ndi mutu. Koma atayang'ana kumene njira yolunjikayo ikanadutsa, mtima wake unasintha. Paipi ikanayamba yafika pakhomo pa Enelesi, kenako n'kutsikira kwa iye. Ndipo mlongo wakeyo ankamudziwa bwino. Pakhomo pake sipankadutsa munthu wanjala osapatsidwa kanthu. Zefaniya anaona kale m'maganizo mwake ndowa zitandandalika kuyambira pakhonde mpaka kumsewu. Anati mumtima mwake, “Madzi obwera okha angathenso kupita okha. Akatha, ine ndidzamwa chiyani?”

Choncho anauza anthu kuti mapaipi aika yekha, poti munthu amene wakhala akumasula injini sangalephere kulumikiza paipi. Anakumba ngalande yake mozungulira. Anaikweza pachulu, anaikhotetsa kuseri kwa khola, anaikhotetsanso pankhokwe, mpaka paipi inakafika kunyumba kwake osaponda pabwalo pa Enelesi. Pakhomo pake anaika mphanda: nthambi ina yolowa kumpopi wake, ina yopita kwa mlongo wake. Ndipo tsiku lina anthu onse atapita kumaliro kumudzi woyandikana nawo, iye anadula nthambi yachiwiriyo. Pakati pake analumikiza kapaipi kakang'ono ngati chala chakaniso, kotalika ngati chikhatho. Anakwirira, anapondaponda dothi, n'kusesapo.

Mipopi itatsegulidwa, wa Zefaniya unkachita kulira. Ndowa inkadzaza munthu asanamalize kupereka moni. Wa Enelesi unkatulutsa kamadzi kowonda ngati ulusi. Komabe madzulo ake mayiyo anabwera akutsimphina, atanyamula nkhuku m'khwapa.

“Achimwene, mwandipumitsa. Mawondo angawa akuthokozani,” anatero.

“Pepani kuti kwanuko akufika ochepa, achemwali,” anayankha Zefaniya. “Ulendo ukatalika, madzi amafika atatopa.”

Nkhukuyo analandira ndi manja awiri, ndipo anadya.

Chaka choyamba chinatha bwino. Akazi oyandikana nawo ankabwerabe kwa Enelesi ngakhale madzi anali ochepa. Ankakhala pakhonde n'kumacheza, ndowa ikudzaza pang'onopang'ono, ndipo mpopiwo sunkatsekedwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kwa Zefaniya sikunkabwera munthu. Geti lake linali lamalata, ndipo linkakhala chitsekere.

Chaka chachiwiri mpopi wa Zefaniya unayamba kutsokomola. Unkalavula madzi, n'kukhala chete, n'kulavulanso. Ndowa imene inkadzaza nthawi ya moni tsopano inkadikira munthu atsuke mbale zonse. Mkazi wake anayamba kudandaula. Zefaniya anakwera kuchitsime, n'kupeza madzi akadali ndi mphamvu, akuchita kunyowetsa nthaka m'mbali mwa chivundikiro. Potsika anayang'ana kwa mlongo wake, n'kuona ndowa zisanu ndi imodzi zili pamzere. Mkwiyo unamukwera. Za kapaipi kaja sanaganizeko, pakuti munthu akabisa chinthu nthawi yaitali amayamba kudzibisira ndi iye yemwe.

Anapita ndi sipanala m'manja. Akazi anamulonjera, iye osayankha.

“Achemwali, pakhomo pano mwapasandutsa msika,” anatero mokweza. “Chitsime ndinaboola ine, koma kwanga madzi kulibe. Mukuwamaliza ndinu ndi anthu anuwa. Kodi amuna awo alibe manja oti n'kukumba zitsime zawo?”

Akaziwo anaweramitsa mitu. Mmodzi, mayi Nachisale, amene anali ndi mwamuna wodwala m'nyumba, anakhuthulira pansi madzi amene anali atatunga kale, n'kusenza ndowa yopanda kanthu. Anzake anamutsatira. Zefaniya anamasula mpopiwo, anatseka paipi ndi chotsekera chachitsulo, ndipo mpopi anauika m'thumba.

Enelesi anangoti, “Chitsime n'chanu, achimwene.”

Kuyambira tsiku limenelo mayiyo anabwerera kumtsinje. Ankatenga kandowa kakang'ono, chifukwa yaikulu mawondo sakanalola, ndipo pokwera ankapuma katatu. Zefaniya ankamuona ali pakhonde pake. Poyamba ankayang'ana kumbali. Kenako anazolowera. Kumsika ndi pabwalo la tchalitchi ankauza anthu kuti mlongo wake anawononga chitsime ndi manja ake otayataya, ndipo anthu ankakhulupirira, poti wonena anali mwini chitsime.

Koma madzi sanabwerere. M'malo mwake anachepa kuposa kale. Sabata yoyamba anali ngati ulusi. Sabata yachitatu ankangodontha, tho, tho, tho. Zefaniya anamenya paipi ndi mwala, anaphikula mpopi, anaupemerera ndi pakamwa, koma sizinathandize.

Nthawi imeneyo n'kuti chinkhoswe cha mwana wake wamkazi chitayandikira. Kutatsala masiku anayi, abale anayamba kufika. Akazi anayala chimera, anakonza migolo ya thobwa, koma madzi othira m'migolomo panalibe. Ankhoswe akuchimuna nawo anabwera kudzamalizitsa zokambirana, n'kukhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, akuona alendo akutsikira kumtsinje ndi zidebe pakhomo pa munthu wa chitsime chotchuka. Enelesi anabweranso. Palibe anamuitana, koma mkwatibwiyo anali mwana wa mlongo wake, choncho anakhala pamphasa kuseri kwa khitchini n'kumapeta chimera.

Mkazi wa Zefaniya anakokera mwamuna wake pambali. “Bambo, tichita manyazi. Itanani pulambala.”

Pulambalayo anali a Likongwe, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, amene ankayenda panjinga atamangirira thumba la masipanala pakaliyala. Atafika sanayambe ndi mpopi. Anakwera kuchitsime, anamasula polumikizira poyamba, ndipo madzi anawathira thupi lonse.

“Chitsime chilibe mlandu,” anatero akupukuta kumaso. “Ndionetseni mmene paipi inayendera.”

Zefaniya anatsogola, ndipo amuna ena anatsatira pofuna kuona. Atafika pachulu, a Likongwe anafukula pang'ono n'kumasula polumikizira. Munatuluka mpweya, fuu, nthawi yaitali.

“Apa mpweya umatsakamira pamwamba n'kumapinga madzi. Munawakwezeranji chulu?”

“Kunjira inayo kunali miyala,” anatero Zefaniya.

A Likongwe anayang'ana kunjira inayo. Kunali dothi lofewa lomera bonongwe. Anapitiriza kuyenda akuwerenga mokhota monse: kuseri kwa khola, pankhokwe, pakona ya bafa. Anawerenga zigongono zisanu ndi ziwiri, ndipo pa chilichonse ankangopukusa mutu, n'kunena kuti madzi akakhota amasiyapo mphamvu. Potsiriza anaima pakhomo penipeni, pamene panali mphanda ija, n'kugogoda pansi ndi chidendene.

“Tikumbe apa.”

Zefaniya anayang'ana pamalopo. Tsopano anakumbukira, ndipo anakumbukira zonse nthawi imodzi. “Apa palibe kanthu, a Likongwe. Ndinapakonza bwino.”

“Ngati palibe kanthu tikwirira,” anayankha mmisiriyo, khasu lili kale m'manja.

Anthu anasonkhana. Ankhoswe akuchimuna anadzuka pamipando yawo. Akazi anasiya migolo. A Likongwe anafukula mphanda ija, anaidula ndi sowo, ndipo munalibe madzi. Munali mchenga wokhawokha, wotsendereka ngati njerwa. Anatsatira nthambi yopita kwa Enelesi, akugogoda, mpaka khasu linakhudza kanthu kena. Anakadula n'kukakweza m'mwamba kuti onse aone: kapaipi kowonda ngati chala chakaniso.

“Matenda ndi awa,” anatero. “Mchenga wochokera m'chitsime umafika apa n'kupeza khomo lachepa. Ndiye umaunjikana, n'kumabwerera m'mbuyo mpaka kutseka mphanda yolowa m'nyumba muno. Kukadakhala kuti mpopi wakumtundawo ukutsegulidwa, wina ukanamatulukako pang'onopang'ono. Kodi kumeneko samatunga?”

Wina ananong'ona kuti mpopiwo unachotsedwa.

“Ndiye basi. Amene ankatunga kumeneko ndi amene ankakutsukirani paipi. Mutawatsekera, mwadzitsekera.” A Likongwe anatembenuza kapaipiko m'manja mwawo. “Koma anaika kameneka ndani? Mmisiri wotereyu ndi wosayenera kugwiranso paipi ya munthu.”

Zefaniya anaona ngati dzuwa latsikira pamutu pake pokha. Thukuta linayenderera m'khosi. Paja amati fisi akagwa m'mbuna salankhula. Anayang'ana pansi, n'kuona mapazi a anthu atamuzungulira, nsapato zopukutidwa za ankhoswe, mapatapata a akazi, ndiponso mapazi otupa a mlongo wake, amene anali atadzuka pamphasa n'kufika pafupi.

Enelesi ndiye analankhula. “A Likongwe, musamuweruze mmisiriyo. Mwina paipi yaikulu inangomuthera, ndiye analumikiza imene inali pafupi. Zimachitika.”

Anthu ena anavomera ndi mitu. Khomo lothawira linali litatseguka, ndipo wolitsegula anali munthu amene kwa milungu yonseyi ankakwera chitunda cha kumtsinje ndi kandowa. Zefaniya akanangoti “eya,” nkhani ikanathera pomwepo. Koma mawu a mlongo wakewo anamupweteka kuposa chitonzo. Anakweza mutu.

“Ayi,” anatero. Mawu anatuluka osasa, ndiye anabwereza. “Ayi. Paipi sinathe. Yotsala ikadali m'nkhokwemo. Kameneko ndinaika ndine, ndipo ndinaika dala, kuti achemwali anga azilandira madzi ochepa. Chulu ndinakwera dala. Miyala kunalibe. Ndipo zonse zimene ndakhala ndikunena za iwo, kumsika ndi kutchalitchi, ndinkanama.”

Nkhuku yokha ndi imene inkapalasa dothi lofukulidwalo. Mkazi wake anaphimba nkhope ndi chitenje n'kulowa m'nyumba. Mwana wake, mkwatibwi uja, anaima pakhomo misozi ikutsika. Mmodzi wa ankhoswe anatsokomola, n'kubwerera pampando, ndipo anzake anamutsatira osayang'anana. A Likongwe anaika kapaipi kaja m'dzanja la Zefaniya, n'kuyamba kupukuta sowo yawo.

Anthu atabalalika, Zefaniya anapita kumene mlongo wake anakhalanso pamphasa. Sanakhale pampando. Anakhala pansi, padothi.

“Achemwali, ndilibe mawu.”

Enelesi anapitiriza kupeta. Patapita kanthawi anaika lichero pambali. “Tsiku la maliro lija ndinabwerera panjira, mawondo atakana. Ndinakuona ukukwirira.”

Zefaniya anamuyang'ana. “Munadziwa? Nanga nkhuku ija?”

“Madzi ochepa ndi madzi ndithu. Ndinathokoza amene ndinalandira.”

“Bwanji simunanene, ngakhale tsiku limene ndinakunyozani pamaso pa anthu?”

“Iwe Zefa,” anatero mayiyo, kumuitana monga ankachitira akadali wamng'ono, “ndikananena, anthu akanati mlongo wake wa Enelesi ndi munthu wotere. Ndinaona kuti kandowa n'kopepuka kuposa mawu amenewo.”

Pamenepo bambo wa imvi uja analira, ndipo sanabise nkhope.

M'mawa mwake anatenga khasu ndi pikisi. Anayambira pachitsime, n'kumakumba molunjika, kutsata chingwe chimene a Likongwe anamanga. Achinyamata a pachibale anafuna kumuthandiza, iye anakana. Msana unkamubaya, m'manja munatuluka matuza, ndipo alendo onse obwera kuchinkhoswe ankadutsa pomwepo. Aliyense ankafunsa chimene chachitika, ndipo aliyense ankauzidwa. Iye ankamva manong'onong'o kumbuyo kwake, osatembenuka. Anakumba masiku awiri. Ngalandeyo inadutsa pabwalo pa Enelesi, pafupi ndi khonde, n'kutsikira kwa iye.

A Likongwe anayala paipi yaikulu, yofanana kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, yopanda chigongono ngakhale chimodzi. Kumapeto kwenikweni anaika potsegulira pena, n'kunena kuti kamodzi pamwezi azitsegulapo kuti mchenga uzituluka. Zefaniya anabwezera mpopi wa mlongo wake ndi manja ake omwe. Atatsegula kuchitsime, madzi anayamba kufika kwa Enelesi, amphamvu moti anagwetsa ndowa. Ndipo mpopiwo uli chitsegulire, wa kwa Zefaniya nawo unatulutsa madzi ambiri kuposa amene unatulutsapo chiyambire.

Chinkhoswe chinachitika. Thobwa linakwanira, nyimbo zinaimbidwa, koma bambo wa mkwatibwi anakhala tsiku lonse maso ali pansi, ndipo itafika nthawi yoti alangize ana, anapempha kuti wina alankhule m'malo mwake.

Sabata yotsatira pampopi wa Enelesi panalibe ndowa ya mlendo ngakhale imodzi. Akazi aja ankadutsa pamsewu, akumva madzi akulira, n'kumatsikirabe kumtsinje. Zefaniya anavala jekete lake n'kuyenda khomo ndi khomo, chipewa chili m'manja, kupepesa ndi kuwapempha kuti abwerere. Ena anabwerera mwezi womwewo. Ena anadikira mpaka chilimwe chinawakakamiza. Mayi Nachisale anamumvetsera mpaka anamaliza, n'kumuyankha mwaulemu kuti, “Ndamva, bambo. Koma madzi amene ndinkafuna tsiku lija anali osambitsira amuna anga, ndipo iwo anapita.” Mayi ameneyo sanatungenso pampopipo mpaka kukalamba kwake. Tsiku lililonse ankadutsa ndi ndowa yake, kupereka moni, n'kupitirira.

Tsono inu amene mukumva, dalitso likayamba kuchepa pakhomo panu, musafulumire kuwerenga ndowa za pakhomo pa mnzanu. Yambani mwatenga khasu, mufukule pamene munakwirira nokha tsiku limene munkaganiza kuti palibe akuona. Ndipo fukulani msanga. Madzi amabwerera tsiku lomwelo mukawongola njira yawo, koma munthu amene munamubweza ndi ndowa yopanda kanthu, ameneyo mwina sadzabweranso.